Kwaya ya M'nyumba ya Chadzunda

Sendezani chikuni icho, utsi ukulowa m'maso. Poti azimayi m'nyumba ya maliromo ayamba nyimbo ya Chadzunda, ndikuuzeni zimene zinamuonekera Rozina Kapalamula, amene ankatitsogolera kwaya ku Kawale. Ine ndinkaimba besi kumbuyo kwake, ndipo nkhaniyi anandiuza ndi pakamwa pake.

Achinyamatanu mwina simukumudziwa Elifala Chadzunda. Anali mphunzitsi kuseri kwa mapiri a Dedza, ndipo ndiye anapeka nyimbo zambiri zimene timaimba pa maliro ndi pa ukwati osadziwa mwini wake. Atamwalira, abale sanagawane katundu. Nyumba anaisiya momwe inalili kuti anthu azikaona pamene ankakhala, limba limene ankaliza, ngakhale kapu imene ankamwera tiyi.

Rozina ankalakalaka kukafikako kuyambira ali mtsikana. Mwayi unapezeka chaka chimene anabereka mwana wake Lonjezo. Mwamuna wake, Gidiyoni, anali ndi ulendo wokapikula mbatata ya kachewere cha komweko pa galimoto yake. Rozina anayamwitsa mwana m'mawa, n'kumusiyira mng'ono wake, nati abwera dzuwa lisanapendeke.

Atasiya tala n'kuyamba kukwera msewu wafumbi, anapeza bambo wina ataima m'mbali mwa njira. Anavala jekete lakuda lotuwa m'mapewa, ndipo anapanira ambulera m'khwapa ngakhale kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Gidiyoni anaima kuti afunse njira. Bamboyo sanamuyang'ane n'komwe. Anazungulira galimoto n'kudzaima pa windo la Rozina.

"Mukupita kwa aphunzitsi?"

"Eya, bambo. Njira ndi yomweyi?"

"Ndi yomweyi. Mayi, mumaimba?"

Rozina anaseka. "Pang'ono pokha."

"Mawu anji?"

"Achiwiri."

Bamboyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yosochera. "Achiwiri," anatero. "Pitani, ndi pafupi."

Gidiyoni ananyamuka akung'ung'udza kuti anthu ena moni sadziwa. Rozina atacheuka anaona bambo uja akubwera m'mbuyo mwawo wapansi, osafulumira, fumbi la galimoto litamukuta.

Nyumbayo inali ya njerwa, ya malata adzimbiri, itazunguliridwa ndi mitengo ya paini. Gidiyoni anaimika galimoto pageti n'kutsegula wailesi.

"Za nyimbo n'zanu, amayi a Lonjezo. Ine ndimvera mpira. Musachedwe, mbatata ikudikira."

Chitseko chinatseguka Rozina asanaodire. M'kati munaima mayi wachikulire, wowonda, wa imvi mutu wonse. Anatambasula dzanja kupereka moni, koma phazi lake silinadutse pakhomo.

"Takulandirani. Ndine Dorika, mwana wa aphunzitsi. Nsapato muvulire m'kati momuno, pansi ndakolopa kumene."

M'nyumbamo munkanunkhira polishi ndi mapepala akale. Dorika ankayenda patsogolo akulozera zinthu ndi mawu otsika, ngati muli munthu wogona. Njinga ya aphunzitsi inali yopachikidwa kukhoma. Magalasi awo anali patebulo, pafupi ndi kapu ya chitsulo yosupuka m'mphepete. Pambali pa chitseko cha chipinda panali msomali waukulu wopanda kanthu, ndipo khoma la pansi pake linali loyera kuposa pena ponse.

"Apa pamakhala chiyani, amayi?"

"Jekete lawo ndi ambulera."

"Zili kuti?"

"Zibwera," anatero Dorika, n'kupitirira.

Chipinda chomaliza chinali chachikulu. Ndi m'mene aphunzitsi ankaphunzitsira kwaya yawo. Pakona panali limba laling'ono, lija lopopa ndi mapazi, litayang'ana kukhoma. Pakati panali mabenchi ondondozana, benchi la mawu oyamba patsogolo, la besi kumbuyo kwenikweni. Rozina podutsa anagwira benchi lakumbuyolo. Linali lofunda, ngati munthu wangodzukapo. Anagwira linalo, chimodzimodzi. Anayang'ana pawindo kuti mwina dzuwa limawomba pamenepo, koma windo linali mbali ina.

Kukhoma kunali misomali ina. Pa wina panali chipewa cha bambo, pa wina tayi wofiira.

"Izinso n'za aphunzitsi?"

"Za alendo. Ena amaiwala." Dorika anapukuta benchi lachiwiri ndi nsonga ya chitenje. "Khalani apa, mupumule. Mwachokera kutali."

Benchi limenelo linali lozizira ngati mwala wa kumtsinje. Rozina anakhala, chikwama pamiyendo. Dorika anakhala patsogolo pake, namufulatira.

Ndi pamene anamva kupuma. Fuu, fuu, pang'onopang'ono, kuchokera pakona. Rozina anakulira m'tchalitchi, ndiye anadziwa kuti limba limapuma choncho munthu akayamba kuponda asanakhudze mabatani. Kenako panamveka ndodo ikugogoda pathabwa, go, go, go. Msana wa Dorika unawongoka ngati wa mwana wasukulu.

Nyimbo inayamba. Dorika ankaimba mawu oyamba atatseka pakamwa, mong'ung'udza, kamawu kakang'ono koma kosapotoka. Kumbuyo kwa Rozina kunalowa mawu achitatu, kenako besi, yakuya moti anaimva ikunjenjemera m'thabwa limene anakhalira. Sanacheuke. Anati khosi lake linakana lokha.

Nyimbo zonse za Chadzunda ankazidziwa pamtima, koma iyi anali asanaimvepo. Inali yokoma moti tsitsi linamuima. Ndipo pakati pake panali mpata. Inu amene munaimbapo kwaya mukudziwa mmene zimakhalira mawu amodzi akasowa: zili ngati dzino loguluka, lilime limangopita pomwepo. Rozina anawamva mawu osowawo onse m'mutu mwake, polowera pake, pokwera ndi potsika, ngati anawaphunzira kalekale. Kummero kwake kunayamba kutseguka kokha.

Nyimbo itafika polowera mawu achiwiri, panali zii. Ndodo inagogoda, go, go, go. Anayambiranso pachiyambi.

Rozina anadzuka. "Zikomo, amayi, ndaona. Bambo akundidikira panja."

Dorika anali pakati pa mzere. Rozina anatuluka, nadutsa pa njinga ija ndi tebulo lija, mpaka pakhomo lolowera. Nsapato zake panalibe. Anati basi ndipita wopanda nsapato. Anagwira chitseko chomwe analowera chija n'kuchikoka, ndipo kuseri kwake kunalibe khonde. Kunali mabenchi aja, ndi msana wa Dorika, ndi limba pakona.

Anatseka. Anaima kaye, nadziuza kuti wasokoneza zitseko, nyumba zakale zimatero. Anayesa chitseko cha kumanzere. Mabenchi. Anayesa cha kuchipinda chogona, m'mene Dorika anamuonetsa bedi lachitsulo la aphunzitsi. Mabenchi omwe aja, ndipo tsopano pamsomali wa pambali pa tayi wofiira panali chikwama chake. Sanakumbuke n'komwe pamene chinachokera m'manja mwake.

Anathamangira pawindo la pabalaza. Linali ndi zitsulo zotchinga akuba. Panja dzuwa linali phwee, ndipo Gidiyoni anakhala m'galimoto chitseko chili chotsegula, mwendo umodzi pansi, akutafuna nzimbe. Anali pafupi moti Rozina ankaona makoko a nzimbe ali pa thalauza lake. Anamenya galasi ndi chikhatho. Anaitana dzina lake lenileni, limene sankamutchula pamaso pa anthu. Gidiyoni analavula makoko n'kukweza wailesi.

Ali chiyang'anire, bambo wa jekete uja anatulukira pamsewu. Anadutsa mogundana ndi galimoto, Gidiyoni osadzutsa mutu, nalowa pageti. Rozina anamutsatira ndi maso mpaka khoma linamubisa. Anadikira kumva chitseko. Sichinamveke. Atatembenuka, pamsomali waukulu uja panali jekete lakuda, fumbi la mumsewu likadali m'mapewa, ndi ambulera itapendekera pansi pake.

Go, go, go. Nyimbo inayambiranso, ndipo ulendo uno ndodo inamveka yaukali.

Miyendo inamubweza yokha kuchipinda cha mabenchi, poti kwina kopita kunalibe. Anagwada pambali pa Dorika, maso ali pansi, n'kumugwira bondo.

"Amayi, nditulutseni."

Dorika anadikira mpaka pamene mawu oyamba amapumira, ndipo anayankhula mofulumira, monong'ona, osatembenuza mutu.

"Mzere umodzi wokha, mwana wanga. Nyimbo iyi bambo anga anamwalira asanaimve ikuimbidwa. Ikakwana mawu onse ithe, apume, nafenso tipume."

Analowanso m'nyimbo. Rozina anadikira mpata wina.

"Inu munayamba liti?"

"Tsiku lotsatira maliro awo. Ndinangobwera kudzasesa. Ndinamva limba, ndinang'ung'udza pang'ono osadziwa." Anagwira imvi zake. "Tsitsi langa linali lakuda nthawi imeneyo."

"Simutuluka?"

"Ndimafika pakhomo. A m'mudzi amandisiyira chakudya pakhonde."

"Nanga a chipewa aja? Ndi a tayi? Ataimba mzere wawo, anapita kwawo?"

Mpata unafika, unadutsa, Dorika n'kulowanso m'nyimbo. Kumbuyo kwa Rozina benchi linalira, kwee, ngati munthu wolemera wasuntha kuti amve bwino.

Rozina sadziwa kuti anagwada pamenepo nthawi yaitali bwanji. Kuwala kwa pawindo sikunkasintha. Nyimbo inkayamba, inkakwera, inkafika pampata paja n'kugwa, ndodo n'kugogoda, n'kuyambanso. Ulendo uliwonse mpatawo unkamukoka kwambiri. Anadziluma lilime mpaka analawa magazi. Anayesa kupemphera, koma mawu a pemphero ankangogwera m'kayimbidwe ka nyimbo yomweyo, ndiye anasiya. Anayamba kuganiza kuti mwina mayiyu akunena zoona. Mzere umodzi ndi chiyani? Iye amene waimba moyo wake wonse, angamane nkhalamba mzere umodzi? Ndipo kutopa kunamugwira, kutopa kokoma, konga kwa munthu amene wayenda ulendo wautali n'kuona mphasa yoyala kale.

Chimene chinamudzutsa ndi kupweteka kwa mabere. Anali atalimba ngati miyala. Apo ndi pamene anadziwa kuti ngakhale dzuwa la pawindo laima, nthawi yoyamwitsa inadutsa kalekale, ndipo ku Kawale mwana akulira m'manja mwa mng'ono wake. Mkaka unatuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi, madontho ena n'kugwera pa phazi la Dorika.

Dorika anayang'ana phazi lake. Kenako, koyamba chikhalireni pabenchipo, anatembenuza mutu n'kuyang'ana Rozina pachifuwa. Anayang'ana nthawi yaitali. Ankang'ung'udzabe, koma maso anali atachoka m'nyimbomo.

"Wamwamuna kapena wamkazi?" anafunsa pa mpata wotsatira.

"Wamwamuna. Sanayambe n'kukwawa komwe."

Nyimbo inazungulira ulendo wina wathunthu. Kenako Dorika anagwira dzanja la Rozina. Zala zake zinali zouma ngati nkhuni.

"Mvetserani. Bambo anga, munthu akalakwitsa, amasiya zonse n'kuyang'ana wolakwayo yekha. Anali choncho kuyambira kale. Ndikalakwitsa, dzukani. Kuseri kwa limba kuli kachitseko ka kukhitchini. Mudutse pafupi nawo, musawayang'ane. Chitenje chanu muike m'kamwa."

"Tiyeni tonse."

"Wolakwitsa akhala ndani?" Dorika anamwetulira pang'ono. "Ku Mitundu kuli mwana wanga Felesiya. Obwera ndi chakudya amandiuza kuti amagulitsa tomato pamsika. Ndinamusiya akuyamwa ngati wanuyo. Mukamuuze kuti sindinamutaye."

Go, go, go.

Nyimbo inayamba. Rozina anapinda nsonga ya chitenje n'kuiluma. Mawu oyamba anakwera bwinobwino mpaka pakati pa mzere, kenako Dorika anatsegula pakamwa n'kutulutsa liwu lokhota, losasa, ngati la khwangwala. Limba linasiya kupuma. Besi ndi mawu achitatu zinaduka nthawi imodzi. M'chipindamo munazizira.

Rozina anadzuka, maso ali pa zala za kumapazi kwake. Anayenda molunjika pakona. Pamene ankadutsa pambali pa limba anamva fungo la jekete lonyowa ndi thukuta ndi choko cha pasukulu, ndipo china chake chinamukhudza pamkono, chikupita kumene kunali Dorika. Anapapasa khoma napeza kachitseko. Kumbuyo kwake Dorika analakwitsanso, mokweza. Ndodo inamveka. Koma ulendo uno sinagunde thabwa. Inagunda chinthu chofewa.

Rozina anaima, dzanja lili pachitseko. Inagundanso. Dorika sanalire, anangopitiriza kuimba mokhota, mawu akunjenjemera. Rozina anakankha kachitseko, nadutsa m'khitchini ya mdima, nagwera panja m'matope.

Kunja mvula inali itagwa yambiri ndipo kunali kutayamba kuda. Anazungulira nyumba chosavala nsapato, chitenje chikadali m'kamwa. Gidiyoni anali pakhonde la kumaso, malaya atanyoweratu, nkhope itakwinyika.

"Amayi a Lonjezo, mwatani kodi? Tsiku lonse? Mbatata anagulitsa kwa ena, mwana kunyumba alibe chakudya."

Rozina analavula chitenje. "Bwanji simunabwere kudzanditenga?"

"Ndagogoda mpaka dzanja kutupa. Palibe anatsegula. Ndinkangomva kwaya ikuphunzira, ndiye ndinati mwina mwapeza anzanu. Mawu anu ndinkawamva bwinobwino."

"Ine sindinaimbe."

"Ndakhala nanu zaka zonsezi, mawu anu ndingawasokoneze ndi a wina?" Apo ndi pamene anaona mapazi ake, ndi magazi pamlomo. Anatsitsa mawu. "Nsapato zili kuti? Chikwama? Dikirani ndikatenge."

Rozina anamugwira lamba ndi manja onse awiri. "Zisiyeni. Lizani galimoto."

Atafika ku Kawale, Rozina anatenga mwana n'kukhala naye pansi pakhomo pomwepo, matope ali m'miyendo, n'kumuyamwitsa mpaka onse awiri anagona.

Ku kwaya anabwerako, koma kwa miyezi ingapo ankangotitsogolera ndi manja. Tikamufunsa ankati pakhosi pakumuwawa. Chimene sichinkamugonetsa tulo chinali uthenga uja. Mayi anamenyedwa chifukwa cha iye, ndipo anangopempha chinthu chimodzi. Loweruka lina anabereka Lonjezo kumsana n'kukwera minibasi ya ku Mitundu.

Felesiya sanavute kupeza. Anali mayi wojintcha, wamkulu pang'ono kuposa Rozina, wa chipumi chofanana ndi cha Dorika. Anali akuunjika tomato pabenchi lake.

"Pepani, ndinu a Felesiya? Ndachokera kwa amayi anu."

Manja a Felesiya sanaime. "Ine amayi ndilibe. Anandilera ndi akazi achiwiri a bambo."

"Ndinali kunyumba kwa agogo anu, kumapiri. Amayi anu anandituma."

"Ndinapitako kamodzi ndili kamtsikana, ndi bambo. Tinaima pageti. Amayiwo anaima pakhomo n'kunena kuti ndikubwera, kenako anatseka chitseko. Tinadikira mpaka madzulo." Anaika tomato wina pamwamba pa mulu. "Anasankha nyumba ya munthu wakufa. Ndiye akuti chiyani?"

"Akuti sanakutayeni."

Manja a Felesiya anaima. Kasitomala anabwera, anafunsa mtengo, sanayankhidwe, anapita.

"Mubwerezenso mmene ananenera."

Rozina anakhala pa thumba la anyezi n'kumufotokozera zonse, za zitseko, za mabenchi ofunda, za mkaka umene unagwera paphazi. Atafika pa ndodo ija, Felesiya anamudula.

"Anawamenya?"

"Sindinaone. Ndinangomva."

"Ndi okalamba bwanji?"

"Imvi mutu wonse. Ndi owonda kwambiri."

Felesiya anapukuta manja pa chitenje. Anatenga chiguduli n'kufunditsa tomato wake, nauza mayi wa benchi loyandikana kuti amuyang'anire, abwera mawa. Kenako anafunsa Rozina kuti minibasi amatsikira pati.

Rozina anamugwira pamkono. "Achemwali, ngati mukupita, mukaime pageti. Mukawaitanire pomwepo. Musakalowe, ndipo chilichonse chimene mukamve, pakamwa panu pakakhale potseka."

Felesiya anachotsa dzanja la Rozina mofatsa, chala chimodzichimodzi.

"Amayi anga akumenyedwa m'nyumba, inu mukuti ndikaime pageti?"

Anamanga duku lake bwino n'kulowera kumene kumaima maminibasi. Rozina anamuyang'ana mpaka anasowa pakati pa anthu.

Patapita masabata angapo Rozina anapitanso ku Mitundu. Pabenchi paja anapeza mayi wina akugulitsa kabichi. Woyandikana naye uja anamuzindikira, ndipo anati tomato anaolera pansi pa chiguduli mpaka anakamutaya kudzala. Anati mwamuna wa Felesiya anapitako kumapiriko, anagogoda, sanamutsegulire, anabwerako yekha.

"Ana ake amabwera kuno akaweruka kusukulu, amadzakhala pamene mwaimapo," anatero mayiyo. "Inu si amene munabwera ndi uthenga tsiku lija? Lero mwawatengera wotani?"

Rozina anasuntha mwana kumsana, naima pamenepo pakati pa msika, mpaka anaona tiana tiwiri tovala yunifolomu tikubwera cha kumeneko. Anandiuza kuti sanathe kudikira kuti tianato tifike, anachoka.

Ine yanga yathera apa. Wina awonjezere nkhuni.